Kuzukuta Nthano, Nkhani za Pawailesi ndi Kafukufuku Poyang'ana Mbali Ziwiri Zotsutsana

Ndikafunsa ophunzira anga a Fomu 3 kuno ku Mangochi kuti andiuze zimene apeza m'nthano ya Kalulu ndi Fisi, yankho limabwera ndisanatseke n'komwe pakamwa: Kalulu ndi wochenjera, Fisi ndi wopusa. Yankholi si lolakwika, ndipo amene wayankhayo wagwira kale chida chimene akatswiri a zolembalemba, a zofalitsa nkhani ndi a kafukufuku wa chikhalidwe cha anthu amachidalira kwambiri, kungoti wachigwira n'kuchisiya pomwepo, ngati munthu amene wakhomera khasu mumpini koma osapita nalo kumunda. Chidachi m'Chingerezi amachitcha binary oppositions, ndipo ine ndizichitchula kuti mbali ziwiri zotsutsana: kuwala ndi mdima, mudzi ndi thengo, ife ndi iwo, mwamuna ndi mkazi, kale ndi lero.

Chimene ndikufuna kuti mugwire ndi chakuti kupeza mbali ziwirizo ndi ntchito ya mphindi zochepa, ndipo aliyense angaichite. Kuzukuta kwenikweni kumayamba pamene mwafunsa kuti anagawa zinthuzo motero ndani, mbali iti imene yakwezedwa pamwamba pa inzake, ndiponso ndani amene wasowa pokhala chifukwa chakuti sakukwanira mbali iliyonse. Zimene ndalemba pansipa ndi njira imene ndimatsata ndi ophunzira anga, komanso ndi achinyamata amene amabwera kudzandionetsa mafunso a kafukufuku wawo asanapite nawo kumidzi.

Kumene maganizowa anachokera

Maganizo amenewa anayambira ku maphunziro a ziyankhulo. Ferdinand de Saussure, katswiri wa ku Switzerland amene anamwalira mu 1913 ndipo zophunzitsa zake zinasindikizidwa mu 1916 kuchokera m'makope a ophunzira ake, ankanena kuti liwu silikhala ndi tanthauzo palokha, koma limapeza tanthauzo chifukwa chosiyana ndi mawu anzake. Chichewa chathu chimatsimikiza zimenezi mosavuta. Pakati pa kuponya ndi kuphonya pali kampweya kochepa kwambiri, koma kampweya kameneko ndi kamene kamasiyanitsa mlenje amene wangotulutsa muvi ndi mlenje amene akubwerera kumudzi chimanjamanja. N'chimodzimodzinso pala ndi phala. Roman Jakobson wa ku Russia anapitiriza ntchitoyi poonetsa kuti maliwu a chiyankhulo angathe kufotokozedwa awiriawiri motere, ndipo atakumana ndi Claude Lévi-Strauss ku New York m'zaka za m'ma 1940, maganizowo anawolokera ku maphunziro a chikhalidwe cha anthu. Lévi-Strauss, Mfalansa amene anachitapo kafukufuku pakati pa mitundu ya anthu a ku Brazil m'zaka za m'ma 1930, anayamba kuwerenga nthano ngati chiyankhulo, ndipo buku lake la mu 1964, Le Cru et le Cuit, linatenga dzina lake pa kusiyana kwa chachiwisi ndi chophika.

Komatu tisaganize kuti kuganiza awiriawiri kunabwera kuno pa sitima ya pamadzi. Makolo athu ankagawa kale anthu kukhala otentha ndi ozizira: khanda limene langobadwa kumene ndi lozizira, munthu amene wakhala malo amodzi ndi mkazi kapena mwamuna wake ndi wotentha, ndipo ziwirizi zikakumana mosasamala akuluakulu amaopa mdulo kapena tsempho. Malamulo a yemwe athire mchere m'ndiwo ndi yemwe asathire amachokera pa kugawa komweku. Chimene akatswiri aja anawonjezera ndi kusandutsa chizolowezi chimenechi kukhala njira yowerengera, kuti munthu athe kuona mafupa a nkhani amene abisika pansi pa mnofu wa mawu.

Yambani ndi mawu a eni ake

Sankhani kachigawo kakang'ono: ndakatulo imodzi, mutu umodzi wa buku, nkhani imodzi ya m'nyuzipepala, kapena macheza amodzi amene mwajambula pa foni eni ake atavomereza. Werengani kawiri popanda cholembera m'manja. Ulendo wachitatu dulani mzere kunsi kwa mawu amene akubwerezedwa ndi amene akuoneka kuti akukankhana, ndipo mutchere khutu ku timawu monga koma, pamene, osati, kuno ndi uko, ife ndi iwo, pakuti timawu timeneti ndi msoko pomwe nsalu ziwiri zalumikizidwa. Mukatero tengani pepala, mudule mzere pakati kuchokera pamwamba kufika pansi, ndipo mulembe mawuwo moyang'anizana, mbali ina kumanzere, inzake kumanja.

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, ndipo ndikupemphani kuti musamale. Amatenga mndandanda umene aloweza m'buku la kunja, monga chilengedwe ndi chikhalidwe, n'kuukakamiza pa nkhani imene sinatchulepo mawu amenewo. Anthu akwathu sanena chilengedwe ndi chikhalidwe akamacheza pabwalo. Amanena mudzi ndi thengo, kapena mudzi ndi tchire. Msodzi wa ku Chembe kapena ku Malindi amagawa dziko kukhala kunyanja ndi kumtunda, ndipo kumtunda kwakeko nthawi zina ndi mchenga womwe wakocheza bwato, nthawi zina ndi dera lonse la alimi a ku Namwera amene amabwera kudzagula usipa. Mukachotsa mawu akewo n'kuikapo anu, mukhala mukuzukuta buku limene munaloweza lija, osati nkhani imene ili patsogolo panu. Ngati wolankhulayo amalankhula Chiyao, monga momwe zilili m'midzi yambiri ya boma lino, lembani mawuwo m'Chiyao momwemo, ndipo kumasulira kubwere pambuyo.

Chitsanzo cha pa Kaphirintiwa

Tiyeni tiyese njirayi pa nthano ya Achewa yofotokoza chiyambi cha dziko, monga momwe ambiri amaifotokozera. Poyamba dziko linali louma ndi lopanda chamoyo, Chauta ali kumwamba. Tsiku lina mitambo inasonkhana, mvula inagwa, ndipo Chauta anatsika pamodzi ndi mwamuna, mkazi ndi nyama zonse, n'kutera pa Kaphirintiwa m'mapiri a Dzalanyama, pa thanthwe limene pa nthawiyo linali lofewa kotero kuti mapazi awo anadinda. Onsewa ankakhala pamodzi mwamtendere kufikira tsiku limene munthu anapekesa timitengo tiwiri, kena kofewa kena kolimba, moto n'kubuka. Tchire linapsa, nyama zinathawa zili ndi mkwiyo, koma galu, mbuzi ndi nkhumba zinathawira kwa munthu. Bilimankhwe anakwera mumtengo n'kuitana Chauta kuti amutsatire, koma Chauta anati wakalamba ndipo sangathe kukwera, mpaka kangaude anapota ulusi umene unamukwezera kumwamba. Ali kumeneko analamula kuti kuyambira pamenepo munthu azifa.

Pa pepala lanu mupeza kumwamba ndi pansi, mvula ndi moto, kunyowa ndi kuuma, chofewa ndi cholimba, mtendere ndi chidani, ziweto ndi zilombo, moyo ndi imfa. Tsopano yang'anani ngati mawu a kumanzere akugwirizana okhaokha, ndi a kumanja okhaokha, chifukwa mphamvu ya njirayi ili pa kusanjikizana kumeneku. Mvula yabwera ndi kufewa, mtendere ndi kukhalira pamodzi; moto wabwera ndi kuuma, kubalalika ndi imfa. Amene wakula akulima aona msanga kuti nthanoyi yatenga chaka chathu, dzinja ndi chilimwe, mvula yoyamba ndi moto wolusa wa mu Okutobala, n'kuchisandutsa mbiri ya dziko lonse lapansi. Imeneyi ndi mfundo imene simukanaiona mukanangotsata tsatanetsatane wa zochitika.

Musaime pamenepo. Funsani kuti ndi chiti chimene chikukana kukhala mbali imodzi, ndipo muona kuti ndi moto womwewo. Moto ndi umene wathamangitsa Chauta, komanso ndi umene wapangitsa munthu kukhala munthu, pakuti popanda moto palibe nsima, palibe mphika wowotcha, palibe khasu losula. Nthanoyi sikunena kuti moto ndi woipa ndipo mvula ndi yabwino. Ikunena kuti chimene chinatipatsa mudzi ndi chomwecho chimene chinatilekanitsa ndi Mulungu ndi nyama, ndipo sitingathe kubweza chimodzi popanda kutaya chinzake. Lévi-Strauss ankati ntchito ya nthano zotere ndi kuthandiza anthu kusenza kutsutsana kumene sangathe kukuthetsa, ndipo pa nthano iyi ine ndikuvomerezana naye.

Onaninso okhala pakati. Galu ndi nyama koma amagona pakhomo. Bilimankhwe ali mumtengo, pakati pa nthaka ndi thambo. Ulusi wa kangaude ndi mlatho wolumikiza pansi ndi kumwamba. Atengambali otere, ngakhale atchulidwe kamodzi kokha, ndi amene asenza katundu wolemera wa nkhani, ndipo ndimauza ophunzira kuti awalembe pa mzere weniweniwo wa pakati pa pepala. Victor Turner, amene anachita kafukufuku pakati pa Andembu a ku Zambia m'zaka za m'ma 1950, analemba zambiri za anthu amene ali pakati potere, makamaka anamwali. Ife kuno sitifunika kupita kutali kuti timvetse. Mnyamata amene ali ku ndagala nthawi ya jando salinso mwana, koma sanakhalenso wamkulu, ndipo n'chifukwa chake amapatulidwa kunja kwa mudzi n'kuzingidwa ndi malamulo ambiri. Mkamwini naye amalima m'mudzi, amabereka m'mudzi, koma si mwini mudzi. Paliponse pamene mwaona malamulo, manyazi kapena nthabwala zachuluka, fufuzani, ndipo kawirikawiri mupeza munthu amene waponda mwendo wina uku wina uko.

Mbali iti yakwezedwa

Jacques Derrida, amene anabadwira ku Algeria mu 1930 ndipo anatchuka ndi mabuku ake a mu 1967, anadzudzula anthu oganiza kuti mbali ziwirizi zimakhala mofanana ngati maso awiri pankhope. Iye anati pafupifupi nthawi zonse mbali imodzi imalamulira inzake, ndipo imene ili pamwambayo imadzionetsa ngati ndiyo yachibadwa pomwe inayo ndi yoperewera. M'Chichewa tili ndi njira yapafupi yoyesera zimenezi: onani mbali imene ikutchulidwa ndi osa- kapena opanda. Timati ophunzira ndi osaphunzira, otukuka ndi osatukuka, ozindikira ndi osazindikira. Mbali yachiwiriyo ilibe dzina lakelake, yangopatsidwa dzina la chimene akuti ilibe.

Mukapeza zotere, funsani kuti muyeso wake anauika ndani. Kuno kuli agogo ambiri amene anaphunzira ku madrasa ndipo amawerenga Korani m'zilembo za Chiarabu, koma pa fomu amalembedwa kuti ndi osaphunzira chifukwa sanakhalepo pa desiki ya sukulu ya boma. Kuli asodzi amene amadziwa kusiyanitsa mwera ndi mpoto mphepoyo isanafike, amene amadziwa malo oswanirana chambo, koma akalowa mu ofesi amakhala m'gulu la oyenera kuphunzitsidwa. Sindikunena kuti sukulu ilibe ntchito, pakuti ine ndimadya za sukulu yomweyo ndipo ndimamva chisoni ndi mwana aliyense amene wasiyira panjira. Ndikunena kuti liwu lakuti osaphunzira labisa chigamulo, ndipo ntchito ya wozukuta ndi kuchivundukula.

Chitsanzo china chimene ndimachikonda ndi cha referendamu ya pa 14 Juni 1993. Ofuna zipani zambiri anali ndi chizindikiro cha nyali, ndipo ofuna chipani chimodzi anali ndi tambala wakuda. Poyang'ana koyamba mungati nyali ikuimira kuwala ndipo yakankhira mbali inayo mumdima. Koma tambala ndi mbalame yolengeza kuti kwacha, ndipo kuyambira nthawi yomenyera ufulu ankaimira kutha kwa usiku wa atsamunda. Choncho mbali zonse ziwiri zinkagwiritsa ntchito kugawa kumodzi komweko, kuwala ndi mdima, ndipo mkangano unali pa funso lakuti usikuwo ndi uti. Mukazindikira kuti adani awiri akumwa pa chitsime chimodzi cha mawu, mwapeza chinthu chachikulu kuposa kungolemba kuti uyu akutsutsana ndi uyu.

Pa zolembedwa za nthawi ya atsamunda njirayi ndi yakuthwa kwambiri. Mu 1975 Chinua Achebe anakamba nkhani ku yunivesite ya Massachusetts yodzudzula buku la Joseph Conrad, Heart of Darkness, ponena kuti linasandutsa Africa kukhala mdima woti Ulaya aziwalirapo, ndipo mu 1978 Edward Said anaonetsa m'buku lake Orientalism mmene Azungu anajambulira maiko a kum'mawa ngati chithunzi chotembenuka cha iwo eni. Tauni yathu ino, imene inayamba mu 1891 ndi dzina lakuti Fort Johnston, mbiri yake inalembedwa kwa nthawi yaitali ngati nkhondo ya Azungu obweretsa chitukuko ndi mafumu ogulitsa akapolo monga Mponda ndi Makanjira. Malonda a akapolo analipodi, ndipo anali nkhanza zosaneneka zimene sitiyenera kuzichepetsa. Koma m'gulu lankhondo la Harry Johnston, mkulu wa boma la atsamunda pa nthawiyo, munali Asikhi ochokera ku India ndi asilikali achikuda, ndipo amene anathetsa ukapolowo ndi omwenso anabweretsa msonkho ndi ulamuliro umene anthu sanaupemphe. Chenjerani ndi chiyeso chongotembenuza chithunzi, kuti amene anali woipa akhale wabwino ndipo wabwino akhale woipa, chifukwa mukatero mzere uja ukadali pomwepo, mwangosinthanitsa mipando.

Kuzukuta nkhani za pawailesi ndi m'nyuzipepala

Nkhani imodzi siikwanira kuti muweruze nyumba youlutsa mawu kapena nyuzipepala. Sonkhanitsani nkhani khumi kapena kuposerapo za mutu umodzi, lembani tsiku ndi komwe mwazitenga, ndipo muzizukute zonse ndi mafunso ofanana. Tiyerekeze kuti mwasankha nkhani zokhudza nyengo yotseka nyanja, pamene asodzi amaletsedwa kugwiritsa ntchito maukonde ena kuti nsomba ziswane. Mukhoza kupeza kuti nkhanizo zaima pa mbali ziwiri, akuluakulu oteteza nsomba ndi asodzi ophwanya malamulo, ndipo pansi pake pali kudziwa ndi umbuli, mawa ndi lero, dongosolo ndi dyera.

Umboni wake musaufune m'mitu ya nkhani yokha, koma m'aneni. Lembani aneni onse amene apatsidwa mbali iliyonse. Ngati mbali ina ikuchenjeza, ikufotokoza, ikulangiza ndi kutsimikiza, pamene inayo ikugwidwa, ikulandidwa maukonde ndi kudandaula, ndiye kuti ina yapatsidwa pakamwa ndipo inayo yangopatsidwa msana. Werengani kuti ndi angati amene atchulidwa dzina ndi udindo, ndi angati amene angounjikidwa m'liwu limodzi lakuti asodzi. Onani amene walankhula koyamba ndi amene wapatsidwa mawu omaliza. Ngati pali chithunzi, onani amene waimirira ndi amene wakhala pansi.

Kenako tsegulani liwu lakuti asodzi lija muone amene ali m'katimo. Muli mwini boti ndi ukonde, amene nthawi zina sapita n'komwe pamadzi. Muli alovi amene amakoka usiku wonse n'kugawana zotsala mwini zipangizo atachotsa zake. Muli amayi oyanika usipa pa thandala ndi ogula okaugulitsa ku Limbe kapena ku Lilongwe. Mulinso zombo zikuluzikulu zokoka m'madzi akuya. Anthu amenewa zofuna zawo n'zosiyana, ndipo nyanja ikatsekedwa njala siwapweteka mofanana. Pamzere wa pakati mupezapo makomiti a m'madoko, amene anayamba ku nyanja ya Malombe ndi kumtunda kwa mtsinje wa Shire mu 1993: mamembala ake ndi anthu a m'mudzi, ena ndi asodzi, koma ndi omwenso amathandiza kulondera malamulo. Nkhani imene yagawa dziko pawiri imasowa powaika anthu amenewa, ndipo kawirikawiri imangowasiya. Chambo chachepadi m'nyanja zathu, ndipo kuzukuta kwanu sikukutsutsa zimenezo. Kukungoonetsa kuti nkhaniyo yasankha yekha woti asenze mlandu, ndipo mwina yasankha amene ali ndi mphamvu zochepa.

Pa kafukufuku wa m'midzi

Kwa ochita kafukufuku ngozi yake ndi yaikulu kuposa kwa owerenga ndakatulo, chifukwa mbali ziwirizo zimalowa m'mafunso enieniwo ndipo zikalowa zimatuluka ngati manambala ooneka odalirika. Chaka china ndinathandiza gulu lina kufunsa mafunso m'midzi ya kufupi ndi Malombe, ndipo funso loyamba linali lakuti mutu wa banja ndi mwamuna kapena mkazi. Mayi wina anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anandifunsa mwaulemu kuti, "Aphunzitsi, mukufunsa za ndalama, za munda kapena za ana?" Mwamuna wake anali ku Joni ndipo ankatumiza ndalama, munda unali wa kuchikazi, zochitika za tsiku ndi tsiku ankalamula yekha, ndipo nkhani zikuluzikulu za ana ankazigamula ndi mlongo wake, mwini mbumba. Pa fomu panali timabokosi tiwiri tokha. Ndinachonga kamodzi, ndipo mpaka lero ndimadziwa kuti ndinalemba chinthu chimene mayiyo sananene.

Kuti zotere zisakuchitikireni, musanasindikize mafunso anu pitani kaye mukacheze ndi anthu asanu kapena khumi popanda timabokosi. Afunseni kuti afotokoze okha mmene amagawira zinthu, ndipo mulembe mawu awo. Mukatero bwererani ku mafunso anu mufufuze paliponse pamene mwalemba kapena pakati pa mayankho awiri: wapantchito kapena wosagwira ntchito, wam'tauni kapena wakumudzi, chipatala kapena sing'anga. Pa lililonse dzifunseni ngati mukudziwa munthu amene angayankhe kuti zonse ziwiri. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti anthu 16 pa 100 alionse m'Malawi amakhala m'matauni, ndipo nambala imeneyi ndi yothandiza pokonza mapulani a dziko, koma siikuuzani za mnyamata amene amagona kumudzi n'kumakhala tsiku lonse akupalasa kabaza pa boma. Siyani malo oti munthu afotokoze yankho lake, ndipo pomaliza muwerenge kuti ndi angati amene anakana timabokosi tanu. Akachuluka, vuto si la oyankhawo, ndi la funsolo.

Kumbukiraninso kuti anthu omwewo amatha kuyamika ndi kunyoza mbali imodzi yomweyo malinga ndi nthawi. Pakamwa pomwe pamati mlendo ndi mame, kutanthauza kuti sakhalitsa, ndi pomwenso pamati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa. Choncho mukamva wina akusiyanitsa eni mudzi ndi obwera, musathamangire kulemba kuti anthu a m'dera limenelo amadana ndi alendo. Lembani kuti ananena liti, kwa yani, ndipo pankakambidwa za chiyani, chifukwa mawu olankhulidwa pa mlandu wa malo ndi osiyana ndi olankhulidwa pa ukwati.

Si zonse zimene zimagawika pawiri. Mphika umakhala pa mafuwa atatu, ndale za dziko lino zakhala zikukambidwa m'zigawo zitatu, ndipo mitundu ya utawaleza imalowana popanda malire ooneka. Mukaona kuti mukuvutika kukankhira chinthu mbali ina, musachithyole kuti chilowe. Lembani kuti apa njirayi yalephera, ndipo mutenge chida china monga mbiri ya nkhaniyo kapena kuwerengetsa chuma cha anthu okhudzidwawo.

Polemba zimene mwapeza

Pepala logawa pakati lija ndi la kukhitchini, si la patebulo. Mphunzitsi kapena wowerenga wanu safuna mndandanda wa mawu oyang'anizana, akufuna ndime yokhala ndi mfundo. Sankhani kutsutsana kumodzi kapena kuwiri kumene kwasenza nkhani yonse, tchulani mawu enieni a m'nkhanimo amene akukuonetsa, nenani mbali imene yakwezedwa ndi njira imene mlembi waikwezera, kenako muonetse malo amene kugawako kukugwedezeka. Pewani kunena kuti mlembi ankafuna kunena zakutizakuti, pakuti mumtima mwake simunalowemo. Nenani zimene mawuwo akuchita.

Pa nthano ya Kalulu ndi Fisi ija, ndime yotere ingayambe ndi kunena kuti nthanoyi yaika nzeru moyang'anizana ndi dyera, thupi laling'ono moyang'anizana ndi nsagwada zamphamvu, ndipo yakweza Kalulu pomupatsa mawu ambiri ndi chipambano chomaliza. Kenako ionetse kuti nzeru za Kaluluzo ndi bodza, kuba ndi kupereka mnzake m'manja mwa adani, makhalidwe omwe m'mudzi weniweni amafikitsa munthu pabwalo la mfumu, ndiponso kuti Kalulu naye amachita zonsezi chifukwa cha mimba, monga Fisi yemweyo. Pamenepo funso lisinthe, lichoke pa yemwe ali wabwino lifike pa yemwe akusimba ndi yemwe akumvera: nthanozi zimasimbidwa madzulo ndi agogo kwa ana, anthu amene m'mudzi alibe mphamvu ya mkono, ndipo omverawo amayankha kuti tili tonse. Ndime imeneyi ikhale ya ziganizo zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, ndipo pa mfundo iliyonse muikepo chochitika chimodzi cha m'nthanomo chimene mnzanu angathe kukachipeza yekha akawerenga.